Wobadwira ku Chakari abwerere kuti?

Mawu oti "bwererani kwanu" sakufa ku Kadoma ndi ku Chegutu, kuno ku Zimbabwe. Amazilala kukakhala bata, nkudzukanso chisankho chikayandikira, mgodi ukatsekedwa, kapena matumba a ufa wachithandizo akachepa pamzere. Ouzidwa mawuwa ndi a Phiri, a Banda, a Mwale, a Chirwa, anthu obadwira m'komboni ya Dalny ku Chakari, ku Eiffel Flats, ku Rimuka kapena ku Pfupajena, amene agogo awo adagona m'manda a komweko. Ine ndikuti mawu amenewa ndi bodza, ndipo silifuna loya kuti aliulule. Mapu ndi kalembera wa anthu n'zokwanira. Chowawa n'choti bodzali sitilimva kwa otinyoza okha. Nafenso eni ake talilera m'nyumba zaka zambirimbiri.

Tiyambe ndi kwawoko, ndipo titenge dera limodzi la Malawi lomwe kuchepa kwa malo kumaoneka ndi maso. Likoma ndi chilumba cha pa Nyanja ya Malawi, chachikulu masikweya kilomita pafupifupi 18. Mnzake Chizumulu ali ndi atatu okha. Zilumba ziwirizi ndi za Malawi koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, moti gombe la Cobué lili pamtunda wosakwana makilomita 10, pomwe ku Nkhata Bay n'kutali kangapo. Zidakhala choncho chifukwa amishoni a Anglican a UMCA adakhazikika pa Likoma mu 1885, ndiye Angerezi ndi Apwitikizi pogawana malire sadafune kuti likulu la mishoniyo ligwere kwa Apwitikizi. Nthaka yake ndi mchenga ndi miyala. Milambe imakula bwino, mango amabereka, chinangwa chimayesetsa, koma chimanga chokwanira chilumba chonse sichingatuluke pamenepo. Ufa, nkhuni ndi katundu wina zimachita kuwoloka nyanja, zina pa sitima ya Ilala, zina pa maboti ochokera kutsidya.

Kalembera wa 1998 adapeza anthu 8,074 m'boma la Likoma. Wa 2018 adapeza 14,527. M'zaka 20 anthu atsala pang'ono kuwirikiza kawiri, koma chilumba sichidakule ndi phazi limodzi lomwe. Pa sikweya kilomita iliyonse pali anthu pafupifupi 700. Mutagawa malowo mofanana, banja la anthu asanu silingapeze maekala awiri, ndipo m'maekala amenewo mwawerengeramo kale matanthwe, manda, bwalo la ndege ndi pamene padamangidwa tchalitchi chachikulu cha St Peter's.

Mwina mukuti ndasankha dala malo opanikizika. Chabwino, tengani Malawi yense. Mu 2018 adali ndi anthu 17.5 miliyoni, ndiye kuti 186 pa sikweya kilomita. Zimbabwe mu 2022 idali ndi anthu 15.2 miliyoni pa dziko lalikulu masikweya kilomita oposa 390,000, ndiye kuti anthu osakwana 40 pa sikweya kilomita. Amene akuuza mdzukulu wa Mmalawi kuti abwerere kwawo akuti munthu achoke pomwe pali anthu 40 akadzipanikize pomwe pali 186, pakati pa abale amene sadamuonepo, amene nawonso akukanganirana kamunda ka agogo kwa a nyakwawa. Ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu zinthu zafika poti n'zosasiyana kwenikweni ndi Likoma, kungoti kumeneko chotchinga si madzi koma minda ya tiyi ndi malire a anansi.

Ndipo kuchepa kwa malo komweku, kuphatikizapo msonkho wa atsamunda, n'kumene kudawatulutsa anthuwa poyamba. Likoma idali ndi sukulu za mishoni kale kwambiri, ndiye zomwe inkatumiza kunja sizidali mbewu koma anthu: aphunzitsi, akalaliki, ansembe, amisiri. Madera ena ankatumiza mikono. Komiti yomwe boma la Nyasaland lidakhazikitsa mu 1935 idayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko. Mu 1936 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia adasainirana pangano ku Salisbury la momwe antchito aziyendera. Boma la Southern Rhodesia linkanyamula anthu pa malole aulere, kenaka kudabwera Mthandizi wolemba anthu ntchito m'maboma a Nyasaland. Ambiri sadazembere malire usiku. Adaitanidwa, adanyamulidwa, adadindiridwa zitupa. Golide wa ku Cam and Motor, Dalny, Golden Valley ndi Giant, thonje la m'mafamu ozungulira Gatooma ndi Hartley, monga ankatchulira Kadoma ndi Chegutu nthawiyo, nsalu za fakitale ya David Whitehead, zonsezi zidadutsa m'manja mwawo. Nthawi imeneyo palibe adafunsa kuti kodi anthuwa adzabwerera liti.

Pali dziko lina la mu SADC lomwe funso lotereli adaliyankha kalekale, ndipo nalonso ndi chilumba. Mauritius ili m'nyanja ya Indian, makilomita pafupifupi 2,000 kuchokera ku gombe la Africa, kum'mawa kwa Madagascar. Chilumba chachikulu n'chotalika makilomita 65, ngati kuchoka ku Norton kufika ku Chegutu, ndipo m'lifupi ndi makilomita 45. Chidapangika ndi chiphalaphala cha mapiri ophulika zaka mamiliyoni zapitazo. Pakati pake n'pokwera ndi pamvula yambiri, m'mbali ndi zigwa za nzimbe, phiri lalitali kwambiri ndi la mamita 828 okha. Golide kulibe, malasha kulibe, mafuta kulibe. Anamondwe amachimenya kawirikawiri m'miyezi yotentha. Pa kadziko ka masikweya kilomita 2,040, kuphatikizapo Rodrigues ndi tizilumba tina, pali anthu pafupifupi 1.26 miliyoni, oposa 600 pa sikweya kilomita.

Chofunika kwa ife n'chakuti pachilumbapo padalibe munthu ndi mmodzi yemwe pamene Adatchi ankafika mu 1598. Aliyense wa ku Mauritius ndi mdzukulu wa wobwera. Afalansa adatenga chilumbachi mu 1715 n'kubweretsa akapolo ochokera ku Madagascar ndi ku Mozambique, ena mwa iwo Amakua ndi Ayao ogwidwa kumtunda kwathu kuno. Angerezi adalanda mu 1810. Ukapolo utathetsedwa mu 1835, eni minda ya nzimbe adayamba kuitanitsa antchito a kontirakiti kuchokera ku India, ndipo pofika cha m'ma 1920 adali atabwera pafupifupi theka la miliyoni. Ankatsikira pa doko la Port Louis, pamalo otchedwa Aapravasi Ghat, kupatsidwa nambala, n'kutumizidwa kukomboni ya esiteti. Wa ku Chakari akamva zimenezi sangadabwe nazo. Ndi Mthandizi yemweyo, kungosiyana kuti uyu ankabwera pa sitima ya pamadzi.

Dzikolo litalandira ufulu pa 12 Malichi 1968, nduna yaikulu yoyamba idali Seewoosagur Ramgoolam, mwana wa munthu amene adachoka ku India kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Mwana weniweni, osati mdzukulu. Palibe adamudindira chitupa cholembedwa kuti mlendo. Malo omwe makolo a anthuwo ankatsikira aja lero ndi osungidwa mwaulemu pansi pa UNESCO kuyambira 2006, chimodzimodzi phiri la Le Morne komwe akapolo othawa ankabisala. Tsono ndionetseni chipilala chimodzi ku Eiffel Flats kapena ku Chakari chokumbukira anthu a ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia amene adafera pansi kapena kufa ndi chifuwa cha fumbi la mgodi.

Mu 1961 katswiri wa zachuma James Meade, yemwe pambuyo pake adalandira mphoto ya Nobel, adalemba kuti tsogolo la Mauritius n'lokayikitsa chifukwa anthu akuchulukana msanga pa kachilumba kodalira nzimbe zokha. Anthu a ku Mauritius sadayankhe posankha mtundu woti uchotsedwe. Adalimbikitsa kulera, adatsegula mafakitale osoka zovala zogulitsa kunja kuyambira 1970, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 sukulu ya sekondale idakhala yaulere kwa mwana aliyense. Dziko losalima thonje lidayamba kuveka azungu malaya, pomwe ife okhala pakhomo pa thonje la ku Sanyati ndi ku Gokwe, ndi malo ofufuzira za thonje mu Kadoma momwemuno, tidaonerera David Whitehead ikugwa n'kukhala zaka m'manja mwa oyang'anira osankhidwa ndi khothi. Sindikunena kuti chitupa chokha ndicho chimamanga fakitale. Ndikuti dziko lopanikizika kuposa lathu kakhumi ndi kasanu silidaone kuti anthu ndiwo vuto.

Mauritius si kumwamba ayi. Zidzukulu za akapolo, Akiliyo, ambiri akadali pansi pa makwerero, ndipo mu Febuluwale 1999 dzikolo lidayaka moto woimba wotchuka Kaya atafera m'chitokosi cha apolisi. Koma nkhani yomwe tiyenera kuigwira kwambiri ndi ya Chagos, tizilumba tating'ono tomwe Angerezi adadula ku Mauritius mu 1965 pofuna kupereka chimodzi, Diego Garcia, kwa asilikali a America. Pa tizilumbato pankakhala anthu amene makolo awo adabweretsedwa ngati akapolo m'minda ya kokonati, ndipo adabadwirapo mibadwo ingapo, ali ndi midzi, matchalitchi ndi manda awo. Kuti awachotse popanda mlandu ku United Nations, akuluakulu a ku London adagwirizana zonena kuti anthuwa si nzika za pamenepo koma antchito a kontirakiti chabe, amene kwawo ndi ku Mauritius kapena ku Seychelles. Pakati pa 1968 ndi 1973 anthu osachepera 1,500 adakwezedwa sitima n'kukatsitsidwa ku Port Louis ndi ku Seychelles. Ku "kwawo" kumeneko adakafikira m'zisakasa, opanda munda, opanda ntchito, opanda wowadziwa. Khothi la dziko lonse la ICJ lidanena mu 2019 kuti Britain idalakwa podula tizilumbato, ndipo mu Meyi 2025 maboma awiriwo adasainirana pangano lobwezera Chagos ku Mauritius. Ambiri mwa ochotsedwa aja adamwalira kale akudikira.

Njira yake ndi yomweyo imene idagwiritsidwa ntchito kuno. Munthu wobadwira pamalo umayamba wamutchula kuti wantchito, kenaka mlendo, kenaka umamuuza za kwawo komwe sadapondeko. Mu 2000 mafamu atayamba kulandidwa, antchito a m'mafamu, ambiri a iwo zidzukulu za obwera, adataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo kafukufuku wa Lloyd Sachikonye wa 2003 adapeza kuti amene adalandirako malo sadafike 5 pa 100 aliwonse. Anthuwa adalibe mfumu ya kumudzi yowalembera kalata. Chegutu idatchuka dziko lonse chifukwa cha famu ya Mount Carmel ndi mlandu wa Mike Campbell ku khothi la SADC mu 2008, mpaka adajambula kanema. Dzina la mwini famu aliyense amalidziwa. Amene ankathyola mango pafamupo ndani angawatchule? Pulezidenti Robert Mugabe adanyozapo poyera anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mtupo (mfunda), ndipo aliyense adamva kuti akunena ndani. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa: aliyense amene akadatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo adapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti akaukane unzikawo motsatira malamulo a dziko linalo. Wotchetcha udzu pafamu ya ku Selous amayenera kupita ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Harare kukakana chinthu chomwe sadakhale nacho. Ambiri sadamve n'komwe. Chisankho cha 2002 chidawapeza ali ndi zitupa zolembedwa ALIEN. Mu 2005 Murambatsvina atagwetsa nyumba m'matauni, anthu adauzidwa kuti apite kumidzi kwawo, ndipo amene mudzi wake udali komboni ya mgodi adagona panja.

Wina anena kuti zonsezi zidatha. Pa pepala, inde. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, gawo 43, amati munthu wobadwira mu Zimbabwe lamuloli lisanayambe, amene kholo lake limodzi kapena onse adali nzika za dziko la mu SADC, ndipo iye amakhala mu Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa. Gawo 6 limaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Mu Novembala 2017 khothi lalikulu ku Harare lidalamula kuti anthu a zitupa za ALIEN aloledwe kulembetsa m'kaundula wa mavoti. Zonsezi n'zabwino. Koma lamulo limanena za munthu amene angathe kutsimikiza kuti adabadwira kuno, ndipo apa ndi pomwe pali msampha. Kuti mwana alandire kalata yobadwira, mayi ake akhale ndi chitupa. Mayiwo alibe chifukwa agogo adalibe. Agogowo adamwalira pafamu yomwe mabuku ake adatayika mu 2002, kapena pa mgodi wonga Dalny womwe udatsekedwa mu 2013. Akauzidwa kuti abwere ndi mboni za dzina limodzi ndi iwo, mbonizo nazonso zilibe mapepala. Bungwe la boma loona za ufulu wa anthu, Zimbabwe Human Rights Commission, lidachita kafukufuku wa dziko lonse pa nkhaniyi mu 2019 ndi 2020. Amnesty International idatulutsa lipoti mu 2021 lotchula chiwerengero cha UNHCR choti anthu pafupifupi 300,000 ali pachiopsezo chokhala opanda dziko. Vutoli n'lodziwika, silikusowa kafukufuku wina.

Wopanda chitupa sangalembetse layini ya foni m'dzina lake, sangatsegule akaunti ku banki, sangalembedwe ntchito yokhazikika. Chomwe chimamulandira osafunsa pepala ndi dzenje la makorokoza, okumba golide paokha. Madzi atasefukira m'migodi ya Cricket ndi Silver Moon ku Battlefields mu Febuluwale 2019, anthu oposa 20 adafa. Mgodi wa Bay Horse kufupi ndi Chakari udagumuka mu Seputembala 2023. Aliyense wofuna kudziwa apite pa maenje otere m'mawa akafunse anyamata amene akutsika ndi chingwe kuti ndi angati ali ndi kalata yobadwira.

Tsopano ndiloze chala kwa ife tomwe. Akuluakulu athu adakhala moyo wawo wonse akunena kuti "tidzapita". Ankagula njinga, makina osokera ndi sutikesi yachitsulo zodzapita nazo kumudzi, koma kulembetsa mwana ku ofesi ankakuona ngati kudzimangirira kudziko la eni. Ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Sindiwadzudzula kwambiri, chifukwa atsamunda ndiwo adawaphunzitsa kuti m'komboni munthu amangogona, sakhala. Koma ife a lero tilibe chowiringula. Mabungwe athu a maliro amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi mosaphonya, amagula bokosi, amaphika nsima ya anthu mazana. Ndi bungwe liti lomwe lidasonkhapo ndalama ya basi yoti gogo ndi adzukulu ake atatu apite ku ofesi yolembetsa anthu ku Chegutu? Mpingo umene lero ndi CCAP udayamba kutsata anthu ake kuno mu 1912, ndipo uli ndi sinodi yakeyake ya Harare kuyambira 1965. Mabuku ake a ubatizo, pamodzi ndi a Anglican ndi a Katolika, ndiponso zomwe mashehe amadziwa za mabanja a m'mizikiti, ndi umboni woti wakuti adabadwa chaka chakuti pamalo akuti. Mabuku amenewo akudyedwa ndi chiswe m'makabati. Akulu a dambwe amadziwa mwana aliyense amene adalowa gule m'komboni mwawo ndi chaka chake. Timasonkhanitsa khamu kuti lione zilombo zikuvina pa tsiku la ufulu, andale n'kuombera m'manja, koma wovinayo akavula alibe dziko.

Ena mwa ife amachita manyazi mpaka kusintha dzina, Phiri kusanduka Shoko kapena Ncube kuti mwana asasekedwe kusukulu. Manyazi a chiyani? Pamene timu ya Rio Tinto inkagwedeza mpira wa dziko lino kuchokera ku Eiffel Flats, ikutsogozedwa ndi Joseph Zulu ndi Ephert Lungu, maina omwe sangadabwitse munthu ku Chipata kapena ku Mchinji, palibe adafunsa mtupo. Moses Chunga, Benjani Mwaruwari ndi Alick Macheso akakhala pabwalo ndi a Zimbabwe yense. Zoti ndi mlendo zimayamba kukumbukiridwa munthu akakhala wosauka.

Nalo boma la Malawi lisabisale. Lidadya ndalama za anthuwa zaka zambiri kudzera m'misonkho ndi malipiro osungidwa omwe ankatumizidwa kumudzi. Nyumba ya malamulo idavomereza unzika wa maiko awiri mu 2018, koma phindu lake likuoneka kwa a ku London ndi a ku America otha kulipira ndi kudzaza mafomu pa intaneti. Wa ku Patchway sakusowa pasipoti ya Malawi. Akusowa kalata yotsimikiza kuti bambo ake adali Mmalawi, yoti akaonetse ku ofesi ya Zimbabwe kuti gawo 43 limugwire. Ofesi ya kazembe ili ku Harare, makilomita 140 kuchokera ku Kadoma. Galimoto imodzi ndi akalaliki awiri atha kukhala sabata ku Rimuka, sabata ina ku Chakari.

Kwa boma la Zimbabwe pempho ndi lachindunji. Kulembetsa anthu koyendayenda kusamabwere pokhapokha chisankho chikayandikira, nkumathera pa sukulu za m'tauni. Kufike m'makomboni a migodi yotsekedwa ndi m'mafamu akale. Buku la ubatizo, kaundula wa sukulu ya pafamu, khadi la sikelo, kapena umboni wolumbira wa akulu awiri a pamalopo zilandiridwe m'malo mwa chitupa cha kholo lomwe lidamwalira lilibe. Aliyense amene gawo 43 likumukhudza asinthiridwe chitupa cha ALIEN popanda kulipira, pakuti sadachipemphe. Aphungu a Chakari, Chegutu, Muzvezve ndi Kadoma Central amadziwa bwino njira zopita m'makomboni amenewa, chifukwa nthawi ya kampeni amafikako ndi malaya ndi zitenje. Mmodzi mwa iwo aimirire m'nyumba ya malamulo afunse nduna ya za m'dziko kuti m'maboma a Chegutu, Sanyati ndi Mhondoro-Ngezi ndi zitupa zingati za ALIEN zomwe zasinthidwa kuyambira 2013, ndipo zatsala zingati.